Dzimbiri Langa ndi Mandimu a Amayi

Msewu wa Kasisi,
Chongwe.
4 Juni 2024

Okondedwa ba Kizito, akulu anga,

Musadzidzimuke poona dzanja langa pa envelopu. Palibe amene wamwalira, ndipo ine sindinapenge. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni inu ndi ine sitimaliza mphindi zitatu. Inu mumayamba ulaliki, ine ndimayamba kuluma, kenaka wina amadula. Pepala lili ndi ubwino umodzi: simungalidule mawu. Choncho khalani pansi, mulamu akuthirireni tiyi, muwerenge mpaka kumapeto. Pali chimene ndikupempha, koma chili kumunsi, ndipo musathamangireko.

Kuno tili bwino. Amayi bondo lija likuwavutabe m'mawa kukazizira, koma likangomva belu la tchalitchi limachira lokha. Chimanga chaka chino musafunse, munamva kale za chilala. Tapulumukira mbatata ndi nkhuku. Mbuzi ya amayi inabereka mapasa mu Malichi, ndipo musaiwale mbuzi imeneyi chifukwa ibweranso m'nkhani yanga. Kumunda kwa malemu ba Matthias tsopano kuli mapuloti. Anthu a ku Lusaka amanga nyumba zokhala ndi mipanda yaitali kuposa nzeru zawo, ndipo magetsi akangozima amabwera kwa ine atanyamula mainiveta, makina awo aja opereka magetsi a batire, ngati ana odwala. Ndimawakonzera. M'mawa amandidutsa pa galimoto osapereka moni, madzulo amanditcha "ba injiniya". Anthu akwathu kuno okha sanasinthe, akunditchabe Apulofesa, ndipo mukudziwa kuti si ulemu.

Tsopano nkhani yeniyeni.

Kuseli kwa khola la nkhuku ndinamanga kashedi, ndipo m'katimo ndinaumba uvuni wa njerwa wokhala ndi waya wotenthetsa wa m'chitofu chakale. Amayi ankaganiza kuti ndikufuna kuyamba kuphika mabanzi, ndipo anakhumudwa ataona kuti ndikuotchamo mkuwa. Ndinapeza thanki yakale ya madzi otentha kwa ogulitsa zitsulo zakutha, ndinaidula tizidutswa tofanana ndi bokosi la machesi.

Ndikufotokozereni pang'onopang'ono, poti inu sayansi munasiyana nayo ku Giredi 9 popanda kutsanzikana. Chitsulo chikakumana ndi mpweya chimachita dzimbiri. Anthu ophunzira, pofuna kuti dzimbiri limveke laulemu, amalitcha okusaidi. Mkuwa ukauotcha umamera khungu lakuda pamwamba, ndipo ukazizira khungulo limasendeka, pansi pake n'kutsala lina lofiira ngati dothi la pachulu. Lofiiralo ndi limene ndimafuna. Silili ngati waya amene amangolola magetsi kudutsa, silili ngati mphira imene imawakaniza. Lili pakati, ndipo zinthu zapakati zoterezi ndi zimene zimayendetsa foni yanuyo.

Ndinaotcha zidutswa khumi ndi ziwiri m'miyezi isanu ndi iwiri, chilichonse mosiyana pang'ono, n'kumalemba nambala kumbuyo ndi cholembera chakuda. Khumi ndi chimodzi zinali zinyalala zokongola. Koma cha nambala 9, ba Kizito, chinkakumbukira. Ndikagunditsa kansonga ka waya pa khungu lofiiralo n'kupatsa moto wa batire, njira ya magetsi inkatseguka. Ndikachotsa batire, kupita kukadyetsa nkhuku, kubwerako n'kuyeza ndi mita, njira ija ili chitsegukire. Ndikatembenuza batire, inkatseka, n'kukhala chitsekere. Kachidutswa ka thanki yakutha kakusunga "inde" kapena "ayi" popanda magetsi! Tsiku limenelo ndinavina pabwalo mpaka nkhuku zinathawira kwa aneba.

Mukumukumbukira Cheelo? Mtsikana wa ku Monze uja tinkagona naye chipinda chimodzi ku yunivesite, amene munati ali ndi ulemu kuposa ine pamene anakugwadirani pokupatsani madzi. Uja ndinkamuphunzitsa masamu mpaka ine kutopa. Lero ndi Dokotala Cheelo. Masabata atatu apitawo ndikukonza foni ya munthu, ndinangomva mawu ake pa wailesi. Ankafotokoza kuti mu labu yawo akufufuza timakungu ta okusaidi topyapyala kuposa tsitsi kambirimbiri, n'cholinga choti zipangizo zam'tsogolo zizisunga zinthu popanda kudya batire. Wofunsa mafunso ankangoti "zodabwitsa, Dokotala, zodabwitsa". Ndinafunafuna nambala yake, n'kumutumizira kanema wa nambala 9 ndi mawu akuti: "Dokotala, zimene mufunafuna na makina a azungu, ine nazipeza kuseli kwa khola la nkhuku."

Sipanathe ola, anaimba.

"Clarissa Phiri! Ukali moyo na kamwa yako ija?"

"Nikali moyo, Dokotala. Ena tilibe nthawi yokamba pa wailesi."

Anaseka, kenaka anasiya kuseka. Anati ali ndi malo amodzi a womuthandiza mu labu, ndipo ayenera kupereka dzina mwezi wa Juni usanathe. Anati kanema aliyense angathe kupanga, iye akufuna kuona ndi maso ake. Abwera Loweruka pa 1 Juni, ndipo ngati chimene ndamuonetsacho ndi choona, malowo ndi anga. Ndinamuyankha kuti ndiona ngati ndili ndi mpata. Nditadula foni ndinapeza kuti ndawotcha tebulo ndi chowotcherera mawaya, chifukwa ndinachiika pansi osayang'ana.

Zaka zisanu ndi chimodzi, ba Kizito. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuuza aliyense kuti za ku yunivesite sindizifuna. Sabata imeneyo ndinasesa kashedi kanayi.

Mukudziwa kuti Lamlungu lapitali chinali chikondwerero cha Thupi ndi Magazi a Ambuye. Mukudziwanso kuti Lachisanu chikondwerero chisanafike, amayi amatenga zoikapo makandulo, kabelu ka pa guwa ndi chofukizira lubani, n'kubwera nazo pakhonde pathu kudzazikwecha. Ntchito imeneyi akhala akuigwira chiyambire inu musanabadwe, ndipo mayi wina wa gulu la Anna Woyera akangoyesa kukhudza kabelu kaja, nkhondo yake imafika kwa abambo mfumu. Mandimu, mchere, phulusa losefa, ndi kansanza kamene palibe wina amaloledwa kukagwira.

Lachisanu limenelo ndinapita ku Chongwe kukagula mabatire atsopano. Chabwino, ndinapitanso kukalukitsa tsitsi. Sindikanalola kuti Cheelo andipeze ndikuoneka ngati chisa cha mpheta. Zidutswa zanga ndinazisiya nditaziyala bwino pa thireyi m'kashedi, mwa dongosolo la manambala, nambala 9 ili pakati ngati mkwatibwi.

Ndinabwerako cha m'ma 4 koloko. Ndikulowa pachipata ndinaona kuwala pakhonde, kochita kuthobwa m'maso. Amayi anali atayala chitenje padzuwa. Pamenepo panali zoikapo makandulo zinayi, kabelu, chofukizira, ndipo kutsogolo kwake, pamzere wowongoka, zidutswa khumi ndi ziwiri za mkuwa zikunyezimira ngati zangotuluka m'sitolo. Dzimbiri lonse mbee. Manambala onse mbee. Amayi anakhala pambali, manja atachita makwinya ndi mandimu, nkhope yodzaza chimwemwe.

"Waona, mwanangu? Ninati mulendo wamukulu sangabwere kuona vinthu vakuda monga vija. Angakambe ati pano palibe muzimayi. China chake chinalimba maningi, chija cha pakati, koma ninachigonjetsa na muchenga."

Chija cha pakati.

Ba Kizito, ndikanakonda kukuuzani kuti ndinakhala chete. Ndinakuwa mpaka agalu a kumapuloti anayankha. Zambiri ndaiwala, koma mawu awa ndikuwakumbukira chifukwa akundilasabe. Ndinati: "Ndiye chifukwa chake munathera Giredi 4! Chilichonse chimene simuchimvetsa mufuna kuchisuka!"

Amayi sanakweze mawu. Anayamba kukulunga zoikapo makandulo m'chitenje, chimodzichimodzi, ngati akugoneka makanda. Atamaliza anati: "Nizoona, ninathera Giredi 4, chifukwa atate anga anati mwana mukazi wakwana. Manje iwe, anakuuza ndani kuti wakwana?"

Anasenza mtolo wawo n'kulowa m'nyumba. Chakudya chamadzulo tinadya ngati anthu okumana pa basi.

Loweruka m'mawa amayi analawirira ku tchalitchi kukakongoletsa njira ya mdipiti. Ine ndinagwira foni kasanu kuti ndiuze Cheelo kuti ndadwala malungo, koma kunama kuti ndadwala kunandikanika, ndipo kunena zoona kunandikanika koposa. Ndikali mkati moganiza, galimoto inaima pachipata. Kagalimoto wamba, ba Kizito, kofumbira, chitseko chimodzi chosatseguka. Zimenezo zinanditonthoza pang'ono.

Wanenepa, wavala magalasi, koma kuseka kwake ndi komwe kuja. Nditamuonetsa thireyi n'kumufotokozera, anayang'ana zidutswazo, anayang'ana makoko a mandimu padzala, kenaka anakhala pansi pa dothi n'kuseka mpaka anavula magalasi.

"Miyezi seveni! Na mandimu!"

"Seka, Dokotala. Ukamaliza, njira ya ku Lusaka uidziwa."

"Awe, mwandi, siniyenda. Kwathu ku labu chinthu chochitika kamodzi chabe timachiyesa mphekesera. Ngati unapanga kamodzi, panganso, nili pano. Leta buku yako tione unaotcha bwanji nambala 9."

Apa ndiye panali manyazi enieni. Buku ndinalibe. Ine Clarissa, amene ndinkaseka anzanga olemba chilichonse ngati makalaliki a kukhoti, ndinkasunga zonse m'mutu. Ndinkadziwa kuti kabatani kosinthira moto kankakhala pa 5 nthawi zonse. Koma nambala 9 inakhala m'moto mphindi zingati, ndipo ndinaiziziritsa bwanji, mutu wanga wotchukawo unangoti zii. Ndinati mwina theka la ola, mwina ola. Cheelo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi monga momwe ine ndinkamuyang'anira akalephera masamu.

"Ukali chimodzimodzi," anatero. "Nzeru zambiri, pensulo ulibe. Kulibe wina anaona tsiku ija?"

Ndinati kulibe. Kenaka ndinakumbukira wailesi ya amayi. Uvuni wanga ndi wailesi yawo zili pa waya umodzi, ndipo ndikangoyatsa uvuni, wailesi imalira ngati njuchi. Miyezi isanu ndi iwiri akhala akudandaula, kutchula tsiku ndi nthawi imene ndinawasokonezera mapemphero. Ngati pali munthu pa dziko lino amene anasunga kaundula wa uvuni wanga, ndi mayi wa Giredi 4 uja ndinamunyoza dzulo lake.

Ndinapempha Cheelo kuti apite yekha akawafunse. Anakana. Anati iye ndi woyendetsa galimoto chabe.

Tinawapeza pabwalo la tchalitchi ndi azimayi anzawo oposa makumi awiri, ena akusesa, ena akumanga maluwa pa nsungwi. Amayi anandiona, n'kupitiriza kudula riboni ngati kwabwera mphepo. Ndinaima. Ndinatsokomola. Ndinati, "Amayi, nifunako kukamba na imwe kumbali." Iwo anati, "Kamba pamene apa, dzulo sunafune kumbali."

Ba Kizito, ndinagwada. Pa miyala, ndi tsitsi langa latsopano, pamaso pa gulu lonse la Anna Woyera. Amake Jabez, amene pakamwa pawo mukupadziwa, anaponya tsache pansi n'kufuula: "Apulofesa agwada! Lizani belu, chozizwitsa chachitika chikondwerero chisanayambe!" Azimayi anaseka, wina mpaka analuluta. Ine ndinati: "Amayi, ninalakwa. Kamwa yanga inathamanga. Munikhululukire." Ndinafuna kuonjezera kuti komabe dzimbiri lija linali langa, koma Cheelo anandiponda chidendene.

Amayi anandisiya pamiyalapo mpaka anamaliza riboni yawo. Kenaka anati, "Nyamuka, uzang'amba siketi. Ufuna chani?"

Ndinawafunsa ngati akukumbukira tsiku limene ndinaotcha chidutswa chija ndinavina nacho.

"Ningaiwale bwanji? Ni tsiku inabala mbuzi yanga. Inavutika kuchokera m'mawa. Ninakhala pa khola napemphera, wailesi ili pambali. Pamene ninayamba kolona, iwe wayatsa chinthu chako, wailesi yayamba kulira. Ninatsiriza kolona yoyamba, mbuzi ikalibe. Ninatsiriza yachiwiri, ikalibe. Ninachita litaniya, ndiye pamene malaiti anayenda, wailesi zii, kamwana koyamba kaonekera. Ninakuitana, unabwera uthamanga."

"Ninatsegula chitseko cha uvuni?"

"Unatsegula liti? Tinakhala ku mbuzi mpaka dzuwa kupendeka. Unachita kukumbuka m'madzulo, uli na magazi m'manja."

Cheelo anandigwira phewa mwamphamvu. Zidutswa zina zonse ndinkazitulutsa msanga chifukwa chosaleza mtima, mukundidziwa. Nambala 9 yokha, magetsi atazima, inazizira pang'onopang'ono m'uvuni wotseka, osati chifukwa cha nzeru zanga, koma chifukwa cha mbuzi. Makolona awiri ndi litaniya, chitseko chotseka. Imeneyo ndiyo njira imene Apulofesa anailephera kulemba.

Magetsi tsiku limenelo anayenera kubwera 11 koloko. Amayi anasiyira amake Jabez riboni, n'kuwachenjeza kuti asayandikire kabelu, ndipo tinakwera tonse kagalimoto kaja kudzera chitseko chimodzi. Magetsi anabwera mochedwa ndi theka la ola, koma anabwera. Tinaika zidutswa zinayi mwa zonyezimira zija. Amayi anakhala pa mpando pakhomo la kashedi, kolona m'manja. Cheelo, amene si Mkatolika, anakhala pambali pawo ndi wotchi ya pa foni ndi buku lake. Ine ndinagwira switchi.

"Amayi, mwakonzeka?"

"Osanithamangitsa. Tsiku ija ninali na nkhawa, ninapemphera pang'onopang'ono. Nifunika kuganizira mbuzi."

Anatseka maso, anachita chizindikiro cha mtanda, ine ndinayatsa. Sindinamvepo kolona yaitali chomwecho. Pakati pa yachiwiri tambala analowa m'kashedi ndipo ndinamuthamangitsa mwa manja okha, kuopa kusokoneza muyeso. Cheelo pofika pa litaniya anali atayamba kuyankha nawo "mutipempherere ife", ndipo nditamuyang'ana anati akungothandiza sayansi. Amayi atanena "Amen" womaliza, ndinazimitsa. Cheelo analemba: mphindi 47.

Kenaka kudikira, chitseko chotseka. Maola atatu. Manja anga ankayabwa. Kawiri konse ndinanyamuka, ndipo kawiri konse amayi anati "khala pansi" osandiyang'ana n'komwe. Tinadya mbatata yootcha ndi nsinjiro pansi pa mtengo wa mandimu womwe unandilakwira. Cheelo anawafunsa amayi mmene amakwechera mkuwa, mandimu angati, mchere wochuluka bwanji, amatsukuluza ndi madzi otani, n'kumalemba zonse. Amayi anawongola msana ngati akufunsidwa ndi a bishopu. Anamuuza kuti phulusa la chitsononkho ndi labwino kuposa la makala. Chimenechonso chinalowa m'buku la Dokotala.

Titatsegula, khungu lakuda linali litasendeka lokha, ndipo pansi pake panali kufiira kosalala kumene sindinakuonepo pa zidutswa zanga zonse. Zanga zinkatuluka ndi mawanga ngati nkhanga. Cheelo anati n'kutheka kuti ndi chifukwa choti mkuwawo unalowa m'moto uli woyera, popanda mafuta a zala zanga ndi litsiro la thanki. Ananena zimenezi mokweza, mwadala, amayi ali pomwepo. Amayi anangokonza duku lawo.

Chidutswa choyamba sichinachite kanthu. Pa chachiwiri ndinagunditsa waya, ndinapatsa moto, muvi wa mita unalumpha. Ndinachotsa batire. Cheelo anati tidikire mphindi zisanu, ndipo anandilanda waya kuti ayeze yekha. Muvi unabwerera pomwe paja. Anatembenuza batire, njira inatseka. Anabwereza kakhumi, nkhope ili gwa ngati wapolisi wa pamsewu. Chachitatu chinakana. Chachinayi chinavomera monyinyirika, katatu kokha, kenaka chinafa.

"Viwiri pa vinayi," anatero Cheelo. "Ikalibe kukhala sayansi, koma si boza. Ku labu tili na makina yoona mukati mwa khungu iyi, tizadziwa chifukwa chake." Anatseka buku. "Malo ni yako. Koma pali viwiri. Choyamba, uzalemba chilichonse, olo kuyetsemula. Chachiwiri, uzalembetsanso sukulu utsirize chaka chija unathawa. Uzakhala m'kalasi na bafana, ena nikuwaphunzitsa ine. Ngati mapewa yako yakali yokwera monga kale, kamba manje nisataye pepala."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe zomuyenera. Amayi anatsokomola. Ndinatseka.

Tsopano, ba Kizito, poti Cheelo wanena kale mawu akuti "unathawa", lekani ndimalize ndekha. Ndinakuuzani inu, amayi ndi malemu atate kuti mphunzitsi wina ankandida ndipo anataya mapepala anga a mayeso. Munafuna kukwera basi kuti mukamuone, ine ndinakuletsani ndi ukali. Panalibe mphunzitsi wotero. Ndinalephera phunziro limodzi la masamu chifukwa sindinkapita m'kalasi, poganiza kuti ndikudziwa kale. Anandiuza kuti ndibwereze chaka. Cheelo, amene ndinkamuphunzitsa, anakhoza. Sindinathe kupirira zoti iye akhale kutsogolo ine kumbuyo, ndiye ndinalongedza katundu. Nkhani yonse ndi imeneyi. Atate anapita akukhulupirira kuti mwana wawo analakwiridwa, ndipo chimenecho sindingachikonzenso. Amayi ndinawauza Lamlungu titachoka ku mdipiti. Anati ankadziwa kuyambira tsiku limene ndinafika, chifukwa munthu wolakwiridwa amalira, koma ine ndinkangotukwana.

Pempho langa ndi ili. Kuti ndilembetsenso, akufuna satifiketi yanga yeniyeni ya Giredi 12 ndi mapepala a zotsatira za zaka ziwiri zija za ku yunivesite, pasanafike Lachisanu pa 28 Juni. Kuitanitsa zatsopano kumatenga nthawi imene ndilibe. Mukukumbukira kumene ndinaziponya. Mukukumbukiranso amene analumphira padzala moto ukuyaka, n'kupsa dzanja lamanja pozitola, pamene ine ndinaima pakhonde ndikumuuza kuti akazifundire ngati akuzikonda. Amayi akuti envelopuyo ikali m'sutikesi yanu ya buluu, pansi pa satifiketi ya ukwati, ndipo akuti mwasamuka nayo nyumba zitatu ku Solwezi konko. Ine sindinadziwe. Ndinkaganiza kuti munaitaya chaka chija ndinakutsekerani foni pa Khirisimasi.

Ngati ilipodi, ipatseni kondakitala wa basi ya m'mawa, munditumizire nambala yake, ndikaidikira ndekha ku siteshoni ku Lusaka. Nambala yanu ndaitsegula dzulo. Mukafuna kunena kuti "ndinakuuza", muli ndi ufulu, munaugula ndi dzanja lanu. Ndikupempha chabe kuti mulembe kumbuyo kwa envelopu, mwa zilembo zing'onozing'ono, kuti kondakitala asawerenge.

M'kalata muno mupezamo kachidutswa ka mkuwa konyezimira, kopindika pangodya imodzi. Ndi nambala 9 ija, ndaizindikira ndi kupindikako. Inkakumbukira, amayi anaisuka, tsopano yaiwala zonse ndipo ikuoneka bwino kuposa kale. Sindikuti mutengepo phunziro, ulaliki ndi ntchito yanu.

Amayi akupereka moni. Akuti mubwere mu Ogasiti mudzaone mbuzi, ndipo akuti ndikuuzeni kuti dzina lawo lili m'buku la Dokotala, tsamba lachitatu, pamodzi ndi phulusa la chitsononkho. Auza kale parishi yonse. Mundiperekere moni kwa mulamu Immaculate, mumuuze kuti mawu aja ndinanena za makatani ake ndawabweza, ngakhale makataniwo sindinawakondebe. Moni kwa Derrick, amene ndikumva kuti tsopano ndi wamtali kuposa inu, zomwe si zovuta. Ndipo moni kwa kamtsikana kanu kamene sindinakaonepo, kamene kanabadwa inu ndi ine tisakulankhulana, koma munakatchabe Clarissa. Kachidutswako ndi kake. Mukauze kuti azakhali ake akubwerera kusukulu, ndipo akagula kale buku ndi mapensulo awiri.

Dzanja lija, kodi chipsera chinatha?

Ndine mlongo wanu wovuta,
Clarissa